Kukonza Ulendo wa ku Ulaya pa Sitima ndi pa Galimoto

Munthu akandiuza kuti akufuna kukaona Ulaya, kawirikawiri amatulutsa mndandanda wautali: Paris, Amsterdam, Berlin, Prague, Vienna, Venice, Rome, Barcelona, zonsezo m'masabata awiri. Ndimamumvetsa. Tikiti ya ndege ndi yodula, viza siipezeka mwachisawawa, ndiye mtima umati poti ndafika ndisasiye kanthu. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ulendo wotere umathera pa pulatifomu ndi pokoka masutikesi, ndipo pobwerera kwanu simuthanso kukumbukira kuti tchalitchi chakuti chinali mumzinda uti.

Zonse zimene ndikuuzeni zagona pa mfundo imodzi. Sitima ndiyo yochokera mumzinda waukulu kupita mumzinda wina waukulu. Galimoto ndi ya kumidzi, ndipo muitenge ndi kuibweza m'dziko limodzi lomwelo. Kuti nkhani isakhale ya m'malere, nditsata ulendo umodzi umene ndimaudziwa: kuyambira ku Paris, kudzera ku Switzerland, kutsikira ku Florence, kuzungulira midzi ya ku Tuscany pa galimoto, n'kukathera ku Rome. Inu mutha kusintha mayina a malo, koma kakonzedwe kake n'komweka.

1. Werengani mausiku, osati mizinda

Tengani pepala mulembe madeti onse, kuyambira tsiku lotera mpaka tsiku lonyamuka, ndipo pa deti lililonse mulembe kumene mudzagone. Tsiku losamuka limadya theka lake ngakhale sitimayo itakhala ya maola awiri okha. Pali kulongedza, kupita kusiteshoni, kufika, kufunafuna malo atsopano, kenako kudikira, chifukwa mahotela ambiri salola kulowa m'chipinda isanakwane 2 kapena 3 koloko masana. Choncho mausiku awiri pamalo amodzi amakupatsani tsiku limodzi lokha lathunthu. Mausiku atatu amakupatsani masiku awiri.

Ulendo wathu uli ndi mausiku 13: Paris 3, Luzern ya ku Switzerland 2, Florence 2, kumidzi ya ku Tuscany 3, Rome 3. Malo asanu basi, onse ali pamzere umodzi wotsetserekera kumwera, popanda kubwerera m'mbuyo. Mukaona kuti mzere wa pa mapu anu ukukhotakhota ngati njira ya mbewa, chotsanipo mzinda umodzi.

Mukatero yang'anani kuti madetiwo akugwa pa masiku ati. Louvre, nyumba yosungiramo zojambula ndi zinthu zakale ku Paris, amatseka Lachiwiri. Uffizi, nyumba yosungiramo zojambula ku Florence, amatseka Lolemba. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican amatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, ndipo tsiku limenelo anthu amachita kupondana. Kusuntha ulendo wonse ndi tsiku limodzi mukadali papepala n'kosavuta. Kufika pakhomo lotseka mutachokera kutali kumapweteka.

Za nyengo, ine ndimakonda Meyi, kumayambiriro kwa Juni, kapena Sepitembala. Mu Julayi ndi Ogasiti ku Florence ndi ku Rome kumatentha ngati ku Chikwawa mu Okutobala, mitengo ya malo ogona imakwera, ndipo chapakati pa Ogasiti, pa tchuthi cha Ferragosto cha pa 15, Ataliyana ambiri amatseka masitolo awo n'kupita kunyanja.

2. Viza: ipempheni koyenera, ndiponso msanga

France, Switzerland ndi Italy onse ali m'chigawo cha Schengen, chimene chili ndi mayiko 29, kotero viza imodzi ndi yokwanira. Britain ndi Ireland salimo. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain. Apa abale athu ambiri a ku Manchester ndi ku Leeds amasokonezeka: chilolezo cha ku Britain sichikutsegulirani khomo la ku Paris.

Viza imapemphedwa ku dziko limene mudzakhaleko masiku ambiri, osati limene mudzayambe kuterako. Pa ulendo wathu mudzatera ku Paris, koma mausiku 8 mwa 13 ali ku Italy, ndiye pempho lanu ndi la ku Italy. Dziko loyamba kulowamo limawerengedwa pokhapokha masiku akafanana. Mayiko ena alibe kazembe kulikonse ndipo amaimiridwa ndi kazembe wa dziko lina, pomwe ena amalandira mapepala kudzera m'makampani monga VFS Global kapena TLScontact. Onani pa tsamba la boma la dzikolo kuti mudziwe khomo lenileni logogoda.

Amalola kupereka pempho miyezi 6 ulendo usanafike. Yankho nthawi zambiri limatuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka masiku 45, ndipo nyengo ya tchuthi ikayandikira kupeza tsiku lokaonekera kumavuta kuposa viza yeniyeniyo. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira ma euro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 ma euro 45. Pasipoti ikhale yoti inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, ndipo isathe pasanapite miyezi 3 kuchokera tsiku limene mudzatuluke. Mufunikanso inshuwalansi ya kuchipatala ya ma euro osachepera 30,000 yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen, sitetimenti ya kubanki, kalata ya kuntchito, ndi umboni wa kumene mudzagone usiku uliwonse. Pepala lija la madeti likugwira ntchito pamenepa.

Sungitsani malo ogona amene amalola kusintha maganizo popanda kulipira, ndipo matikiti osabwezeka mugule viza ikatuluka. N'chifukwa chake ndikuti msanga: amene wapeza viza miyezi 4 ulendo usanafike amapezanso matikiti otsika mtengo a sitima, pomwe wochedwa amalipira kawiri. Ndipo ngati ulendo wanu uli ndi potulukira m'chigawo cha Schengen n'kubwereranso, monga kukaona achibale ku London pakati pa ulendo, pemphani viza yolola kulowa kangapo, ndipo ya ku Britain ndi ina payokha.

3. Ndege yolowera kwina, yotulukira kwina

Musagule tikiti yopita ku Paris n'kubwerera kuchokera ku Paris komweko. Pa masamba ogulitsira matikiti pali posankha mizinda ingapo pa tikiti imodzi. Sankhani kutera ku Paris ndi kunyamukira ku Rome. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Nthawi zambiri mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa tikiti wamba, ndipo mumapulumutsa tsiku lathunthu lobwerera kumene munayambira.

Amene ali ku Britain angayambe ndi sitima ya Eurostar kuchokera pa siteshoni ya London St Pancras, imene imafika ku Paris Gare du Nord m'maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Pasipoti amaiona musanakwere, ku London komweko, ndipo zipata amatseka mphindi 30 sitima isananyamuke. Fikani kudakali ola lathunthu kapena kuposerapo.

4. Matikiti a sitima: pasi kapena imodziimodzi?

Pasi ndi tikiti imodzi yokwerera sitima zambiri kwa masiku angapo. Pali pasi ya Eurail, ya anthu okhala kunja kwa Ulaya, ndi ya Interrail, ya okhala mu Ulaya, kuphatikizapo Britain. Mmalawi wokhala ku Birmingham mwalamulo amagula Interrail. Wochokera ku Zomba amagula Eurail. Pasi imamveka yokoma, koma si kuti mumangokwera paliponse. Pa Eurostar ndi pa sitima zothamanga za TGV za ku France ndi za Frecciarossa za ku Italy mumayenera kusungitsa mpando n'kulipira zoonjezera, pa Eurostar ndi pa TGV zina mipando ya anthu a pasi ndi yowerengeka, ndipo sitima za kampani ya Italo ya ku Italy sizilandira pasi n'komwe. Kumene pasi imasangalatsa ndi ku Germany, Austria ndi Switzerland, kumene sitima zambiri mumangolowa n'kukhala pampando uliwonse wopanda mwini. Imathandizanso banja, chifukwa ana a zaka 4 mpaka 11 amapatsidwa pasi yaulere akamayenda ndi wamkulu wokhala ndi pasi.

Pa ulendo wathu, umene uli ndi masiku awiri okha akuluakulu a pa sitima ndiponso madeti odziwika kale, ine ndingagule matikiti amodziamodzi. Sitima zothamanga mitengo yake imayenda ngati ya ndege: yoyambirira kugulitsidwa ndi yotsika, ndipo imakwera tsiku likamayandikira. Kawirikawiri amayamba kugulitsa miyezi 3 kapena 4 tsiku lisanafike. Gulani kwa eni ake: SNCF Connect ya ku France, SBB ya ku Switzerland, Trenitalia kapena Italo ya ku Italy. Pofufuza nthawi za sitima za m'mayiko osiyanasiyana, pulogalamu ya pafoni ya DB Navigator ya ku Germany imaonetsa pafupifupi Ulaya yense, ngakhale kumene siingakugulitseni tikiti.

Ulendo woyamba ndi wa TGV Lyria kuchokera ku Paris Gare de Lyon kukafika ku Basel, pafupifupi maola 3, kenako ola limodzi kukafika ku Luzern. Samalani dzina la siteshoni. Paris ili ndi masiteshoni akuluakulu angapo, ndipo Gare du Nord, kumene Eurostar imafikira, si Gare de Lyon. Pakati pake mumakwera sitima ya mumzinda ya RER D, malo oima awiri okha.

Ku Luzern galimoto ndi katundu wachabe. Mlatho wamatabwa wa Kapellbrücke, umene unapsa mu 1993 n'kumangidwanso, uli pafupi ndi siteshoni, ndipo doko la sitima za panyanja lili pakhomo penipeni. Mukakwera ya panyanja kwa ola limodzi mufika ku Vitznau, kumene njanji yokwera phiri la Rigi inayambira mu 1871, yoyamba ya mtundu umenewu mu Ulaya.

Kuchoka ku Luzern kupita ku Milan, kumene mumasinthira sitima ya ku Florence, pali njira ziwiri, ndipo apa ndikupemphani muganizire bwino. Yachangu imalowa m'ngalande ya Gotthard, yoboola pansi pa mapiri mtunda wa makilomita 57, imene inatsegulidwa mu 2016. Mumakhala mumdima mphindi pafupifupi 20, n'kutulukira kumene anthu akulankhula Chitaliyana, koma mapiriwo simunawaone. Njira yakale imakwera phiri mozungulirazungulira kudzera ku Göschenen ndi Airolo, pa sitima yotchedwa Treno Gottardo, ndipo mumasintha ku Bellinzona. Pa mudzi wa Wassen tchalitchi chimodzi chomwecho mumachiona katatu, koyamba chili pamwamba panu, kenako pambali, kenako pansi, chifukwa njanji ikudzipinda m'kati mwa phiri. Ndinaona mwana wina atamata mphuno pagalasi akuwerenga ndi zala, ndipo akuluakulufe tinasiya mafoni n'kuyamba kuwerenga naye. Njirayi imawonjezera pafupifupi ola limodzi. Ine ndingasankhe yomweyo. Kuchoka ku Milano Centrale kukafika ku Firenze Santa Maria Novella ndi maola osakwana awiri.

5. Posinthira sitima

Pa bolodi la kusiteshoni simudzapezapo Florence, Rome kapena Milan. Padzalembedwa Firenze, Roma, Milano. Komanso bolodi limaonetsa kumene sitima ikukathera, osati kumene inu mukutsikira, moti sitima yanu ya ku Firenze ikhoza kulembedwa Napoli kapena Salerno. Tsatani nambala ya sitima imene ili pa tikiti. Pulatifomu ku France amati voie, ku Luzern ndi ku Basel amati Gleis, ku Italy amati binario.

Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi ndipo sitima yoyamba yachedwa, amakukwezani yotsatira popanda kulipiranso. Ngati munagula matikiti awiri osiyana kwa makampani awiri, kuchedwa kwa yoyamba kukhoza kukutayitsani yachiwiri. Pamalo otere, monga ku Milan, siyani mpata wa mphindi 45 kapena ola, mudye kanthu modekha. Malamulo a European Union amanena kuti sitima ikachedwa mphindi 60 mpaka 119 akubwezereni 25 peresenti ya mtengo wa tikiti, ikachedwa maola awiri kapena kuposa akubwezereni theka, koma muyenera kupempha nokha.

Tikiti ya pepala ya sitima zazing'ono za ku Italy imafunika kudindidwa m'kamakina ka pa pulatifomu musanakwere. Osadinda ndi chindapusa, ngakhale tikiti munagula. Ndipo masiku angapo musanayende fufuzani mawu awiri awa: grève ku France ndi sciopero ku Italy. Onse akutanthauza sitiraka, ndipo amailengeza pasadakhale.

6. Kubwereka galimoto

Galimoto muitenge m'mawa wa tsiku lochoka ku Florence, osati tsiku lofika, ndipo muitengere kubwalo la ndege, kumene mumafikako pa tram (kasitima koyenda mumsewu) ya T2 kuchokera pafupi ndi siteshoni. Mukaibweze kubwalo la ndege la Fiumicino ku Rome, n'kukwera Leonardo Express, mphindi 32 kukafika ku Roma Termini. Mukatero simudzayendetsapo pakati pa mzinda uliwonse waukulu. Kutenga galimoto mumzinda wina n'kuisiya mumzinda wina wa dziko lomwelo kumakhala ndi kandalama koonjezera. Kuitenga ku France n'kukaisiya ku Italy kumadula mochititsa mantha, chifukwa wina ayenera kuibwezera kwawo.

Laisensi ya kwathu iyende limodzi ndi International Driving Permit, imene imatengedwa m'dziko limene linakupatsani laisensiyo musananyamuke. Ku Italy apolisi amaifuna kwa amene laisensi yawo si ya mu European Union, ngakhale kuti laisensi ya ku Britain ya khadi amailandira payokha. Pakauntala adzafuna khadi la kubanki la ngongole la dzina la woyendetsa, n'kutsekerapo ndalama ya chikole. Makhadi wamba makampani ambiri amawakana. Osakwana zaka 25 amalipira zoonjezera, woyendetsa wachiwiri naye amalembetsedwa ndi kulipiridwa.

Magalimoto ambiri obwereketsa ndi a giya ya manja. Ngakhale munazolowera, ganizirani zolipira pang'ono kuti mupeze yosintha yokha magiya, chifukwa giya idzakhala kudzanja lamanja ndipo mutu wanu udzakhala ndi zambiri zoganiza. Tengani yaing'ono. Misewu ya m'midzi ya ku Tuscany inamangidwa ngolo zili moyo.

Werengani bwino za inshuwalansi, makamaka ndalama imene mumalipira nokha galimoto ikakandika, imene imatha kupitirira ma euro 1,000. Mukhoza kugula inshuwalansi ina yophimba ndalama imeneyo, ndipo imatsika mtengo mukaigula musanafike pakauntala. Musanatuluke pamalo oimikapo, jambulani galimoto yonse ndi foni: mabampa, marimu, galasi lakutsogolo, denga, geji ya mafuta. Kakukandika kalikonse kamene sikanalembedwe papepala, itanani wantchito akalembe. Sankhani pangano lotenga thanki yodzaza n'kubweza yodzaza, ndipo sungani lisiti la mafuta omaliza.

7. Kuyendetsa kumanja

Ife tonse, a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain, tinaphunzira kuyenda kumanzere. Pamsewu wodzaza magalimoto palibe vuto, mumangotsata anzanu. Ngozi ili pamsewu wopanda kanthu: m'mawa potuluka pageti la kumene munagona, pochoka pomwetsera mafuta, kapena mutaima kujambula chithunzi. Ine m'mawa wina pafupi ndi Pienza ndinatuluka pageti n'kuyenda mamita angapo kumanzere, mtima uli m'malo, mpaka mayi a kunyumba anagwira mkono wanga n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, kumanja." Kutsogolo kunali kona, ndipo patangopita kanthawi thirakitala inatulukira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo tinapangana kuti wokhala pambali azinena mawu amenewo nthawi iliyonse injini ikalira. Chokuthandizani china n'chakuti woyendetsa nthawi zonse amakhala mbali ya mzere wapakati. Mukaona udzu uli pafupi ndi inu, mwasochera. Pa raundabauti mumalowera kumanja, n'kupatsa mpata ochokera kumanzere.

Chimene chimadyera alendo ndalama kwambiri ku Italy ndi zilembo zitatu: ZTL, kutanthauza zona a traffico limitato. Pakati pa Florence, Siena, Rome ndi timatauni tambiri takale, galimoto yachilendo siiloledwa pa maola ena. Chikwangwani chake ndi bwalo lofiira loyera pakati, ndipo pamwamba pali kamera. Palibe geti, palibe wapolisi wokuimitsani. Mukaona mawu akuti varco attivo, ndiye kuti musalowe. Varco non attivo, mutha kudutsa. Mapu a pafoni amatha kukulowetsani momwemo, ndipo kudutsa kulikonse ndi chindapusa chakechake, chimene chimakupezani kwanu patapita miyezi, kampani ya galimoto itadula kale ndalama yake yoperekera dzina lanu. Mukafika ku Siena, Montepulciano kapena Montalcino, imikani kunja kwa malinga n'kulowa wapansi. Ngati hotela yanu ili m'kati, aimbireni kudakali nthawi kuti alembetse nambala ya galimoto. Pamalo oimika, mizere ya buluu ndi yolipira, yoyera kawirikawiri ndi yaulere, yachikasu ndi ya eni ake.

Misewu ikuluikulu ya autostrada, ya zikwangwani zobiriwira, ndi yolipira, koma mosiyana ndi pa Chingeni. Polowa mumatenga tikiti pamakina, potuluka mumalipira malinga ndi mtunda umene mwayenda. Njira ya chikwangwani choyera ndi ya ndalama, ya buluu ndi ya makhadi, yachikasu ndi ya Telepass, ndipo m'menemo musalowe ngati galimoto ilibe kachipangizo kake. Liwiro ndi makilomita 130 pa ola pa autostrada, 90 pamisewu wamba ya kunja kwa tauni, 50 m'tauni, ndipo kunja kwa tauni magetsi akhale oyaka ngakhale masana. Msewu wochoka ku Florence kupita ku Siena ndi waulere. A1 yopita ku Rome ndi yolipira.

Pomwetsa mafuta, gasolio ndi dizilo, benzina ndi petulo. Ku France dizilo amati gazole. Mawuwa anyenga anthu ambiri, choncho werengani zimene zalembedwa pachivundikiro cha thanki. Pampu yolembedwa fai da te mumathira nokha. Ya servito amakuthirirani koma pa mtengo wokwera.

Tsono phindu la galimotoyo lili kuti? Lili kumwera kwa Siena, m'chigwa cha Val d'Orcia, kumene mabasi ndi apatalipatali. Mumagona pa agriturismo, nyumba ya pafamu yolandira alendo, ndipo yambiri mwa iyo mumaifikira pa misewu ya miyala yoyera imene eni ake amati strade bianche, yafumbi ngati ya kumudzi kwathu mu Sepitembala. Mumaima pamene mwafuna, kugula tchizi cha mkaka wa nkhosa ku Pienza, kukhala pansi pa mtengo kuyang'ana minda ya tirigu ndi mphesa. Pa tsiku musakonze malo oposa awiri. Ku Tuscany ndi kwawo kwa vinyo, ndiye mugwirizane m'mawa amene adzayendetse madzulo, ameneyo asalawe n'komwe.

Ngati mwasankha ulendo wina umene galimoto idzawoloke malire, uzani kampani pasadakhale. Ku Switzerland misewu ikuluikulu imafuna vignette, chiphaso cholipirira msewu, ya ma franc 40, ya chaka chonse, ngakhale mukungodutsa tsiku limodzi. Austria, Slovenia, Czechia ndi Hungary nawonso ali ndi vignette zawo, pomwe mizinda yambiri ya ku Germany ndi ku France imafuna sitika yosonyeza utsi umene galimoto imatulutsa. Nambala ya pangozi ndi 112 kulikonse.

8. Katundu, pogona, chakudya ndi ndalama

Sutikesi ikhale yoti mungainyamule nokha kukwera masitepe atatu a sitima ndi kuiika pashelefu. Palibe wonyamulira, ndipo sitima imaima mphindi zochepa. Zovala za sabata imodzi n'zokwanira. Mudzachapa kumidzi kuja. Amayi, ikanimo chitenje. M'tchalitchi cha St Peter's ku Vatican ndi m'matchalitchi ambiri a ku Italy salola mapewa ndi mawondo zili pamtunda, ndipo chitenje chimathetsa nkhaniyo pakhomo pomwepo, n'kukhalanso chofunda m'sitima yozizira. Mapulagi athu a mano atatu akona salowa m'soketi za ku Ulaya. Tengani adaputa yaing'ono ya mano awiri obulungira, imene imalowa ku France, ku Switzerland ndi ku Italy komwe.

M'mizinda ya pa sitima gonani pamtunda woti n'kuyenda wapansi kuchokera kusiteshoni, kapena pa mzere umodzi wa metro. Kumidzi funsani ngati pali poimika galimoto. Mizinda yambiri imalipiritsa msonkho wa alendo pa munthu pa usiku, ndipo nthawi zambiri umalipiridwa pamalopo.

Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union siziloledwa kulowa, ngakhale zochokera ku Britain, choncho nyama yofutsa ija itsale. Mukapeza malo okhala ndi khitchini ndipo m'mimba mwayamba kufuna nsima, ku Italy amagulitsa ufa wa chimanga wophikira polenta, ndipo woyera ulipo. Ku Paris, m'dera la Château Rouge pafupi ndi Gare du Nord, muli masitolo a zakudya za ku Africa. Ku Switzerland malesitilanti ndi odula zedi. Gulani chakudya chamasana mu Coop kapena Migros mukadyere m'mbali mwa nyanja. Ku Italy pa bilu pamakhala coperto, kandalama ka pa munthu aliyense wokhala patebulo, ndipo khofi womwera choimirira pakauntala ndi wotsika mtengo kuposa wokhala pansi. Ku Rome madzi a m'mipopi ya m'misewu, imene amati nasoni, ndi abwino kumwa.

France ndi Italy amagwiritsa ntchito euro, Switzerland franc. Uzani banki yanu kuti mukuyenda, ndipo mufunse malire a ndalama imene khadi lanu lingatulutse kunja, poganizira chikole cha galimoto chija. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kwanu kapena ya komweko, sankhani ya komweko. Sungani makobidi olipira kuchimbudzi cha kusiteshoni. SIM yogulidwa ku France imagwira ku Italy popanda zoonjezera, koma Switzerland sili mu European Union ndipo ma SIM ambiri amadula mtengo wina kumeneko, funsani musanagule. M'metro ya ku Paris ndi ya ku Rome chikwama chikhale kutsogolo, pasipoti m'kati mwa zovala.

9. Sabata yomaliza

Gulani matikiti a nthawi yoikika a Louvre, Uffizi, Colosseum ndi Vatican pa masamba awo enieni, ndipo m'nyengo ya alendo ambiri musadikire mpaka sabata yomalizayi. Koperani mapu a Tuscany m'foni kuti azigwira popanda intaneti. Sindikizani papepala inshuwalansi, malo ogona, matikiti a sitima ndi tikiti yobwerera, chifukwa wa pamalire ali ndi ufulu wozifunsa ngakhale viza muli nayo, ndipo batire limatha pa nthawi yolakwika. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kujambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala za alendo polowa, choncho mzere wa pabwalo la ndege ukhoza kutalika. Pa tsiku loterali musagule tikiti ya sitima ya nthawi yoikika, ndipo musatenge galimoto mutagona m'ndege usiku wonse. Pepala lija la madeti, lokhala ndi maadiresi ndi manambala a mahotela, mupatseko m'bale mmodzi wotsala kunyumba, lina mulipinde muike m'thumba limodzi ndi pasipoti.